Pamene adiresi yakale ya webusaiti ikukana kufikitsa anthu ku yatsopano

Vutoli limabwera mofanana pafupifupi nthawi zonse. Bungwe kapena bizinesi yasamutsa webusaiti yake kupita ku domain yatsopano, ndipo yakonza zoti aliyense wolemba adiresi yakale azingofikira ku yatsopanoyo. Amene anakonza akayesa pa kompyuta yake zonse zimayenda bwino, koma pasanathe tsiku madandaulo amayamba kufika. Wina akuti tsamba likungozungulira osatseguka, wina akuti akuona chenjezo lakuti malowo ndi osatetezeka, wina wa mu ofesi ina akuti iye akuonabe webusaiti yakale, ndipo wina amene amadutsira pa proxy, seva ya pakati imene imalandira mapempho ake n'kuwapititsa patsogolo, akuti wangolandira tsamba loyera lopanda kanthu. Madandaulowa amamveka ngati vuto limodzi, komatu nthawi zambiri amakhala mavuto osiyana amene akuchokera malo osiyananso, ndipo munthu amene wayamba kusintha makonzedwe asanadziwe kuti cholakwika chili pati amangowonjezera chisokonezo.

Chinthu choyamba kuvomereza n'chakuti browser si mboni yodalirika pa mlandu umenewu. Chrome, Firefox, Edge ndi Safari anapangidwa kuti azikumbukira zimene anauzidwa kale n'cholinga choti masamba azitseguka msanga, choncho zimene mukuona pa sikirini zingakhale yankho limene seva inapereka sabata yatha, osati limene ikupereka lero. Ntchito yonse yofufuza imagona pa kulekanitsa zinthu zitatu: zimene seva ikunena panopa, zimene proxy imene ili pakati ikusintha, ndi zimene browser yasunga m'mutu mwake.

Yambani ndi kufunsa seva yeniyeniyo

Anthu ambiri amaganiza kuti kutumiza alendo ku adiresi ina ndi ntchito ya DNS, koma sizili choncho. DNS imangoyankha funso limodzi, lakuti dzina ili lili pa nambala iti ya IP. Ntchito yotumiza mlendo kwina imachitidwa ndi seva imene ili pa nambala imeneyo, ndipo seva imeneyi imayankha ndi nambala 301 ngati kusamukako n'kwamuyaya, kapena 302 ngati n'kwakanthawi, pamodzi ndi mzere wotchedwa Location umene umatchula adiresi yatsopano. Palinso 307 ndi 308, zimene zimagwira ntchito yofananayo koma zimaletsa browser kusintha mtundu wa pempho lake. Mukasankha "forwarding" kapena "URL redirect" ku kampani imene munalembetsako domain, monga GoDaddy kapena Namecheap, kampaniyo imalozetsa domain yanu ku seva yake yaing'ono imene ntchito yake ndi kupereka yankho limeneli basi.

Njira yoonera yankho la seva popanda kusokonezedwa ndi browser ndi pulogalamu ya curl, imene imapezeka kale mu Linux ndi macOS, komanso mu Windows 10 kuyambira mu 2018. Mu Windows tsegulani Command Prompt n'kulemba curl -IL http://example.org, koma m'malo mwa example.org muikemo domain yanu yakale. Ngati muli mu PowerShell yakale lembani curl.exe, chifukwa mawu akuti curl paokha kumeneko amaitana lamulo lina. Chilembo I chimauza curl kuti ingotenga mitu ya yankho, pamene L chimaiuza kuti itsatire paliponse pamene yatumizidwa. Zinthu zikakhala bwino mudzaona mzere woyamba ukunena kuti HTTP/1.1 301 Moved Permanently, m'munsi mwake Location: ndi adiresi yatsopano, kenako gawo lina lotha ndi 200, kutanthauza kuti tsamba lapezeka.

Musayese kamodzi n'kukhutira. Domain imodzi ili ndi makomo anayi: yoyamba ndi http, yoyamba ndi https (njira imene imabisa zimene zikudutsa), ndipo iliyonse mwa ziwirizi ikhoza kukhala ndi www kapena ayi. Kwa munthu maadiresi amenewa ndi amodzi, koma kwa seva ndi osiyana, ndipo mbali yaikulu ya madandaulo akuti "kwa ine zikutseguka, kwa iwo zikukana" imathera pomwepa, chifukwa lamulo linaikidwa pa example.org pomwe www.example.org inaiwalika. Yesaninso adiresi ya tsamba lam'kati, monga imene ili pa chikalata chakale kapena imene inagawidwa pa WhatsApp, popeza makonzedwe ena amataya mbali yonse yotsatira dzina la domain n'kufikitsa aliyense pa tsamba loyamba, pamene ena amaisunga n'kukafikitsa mlendo pa 404 ngati tsamba limenelo kulibe ku webusaiti yatsopano.

Ngati curl sikupeza seva n'komwe, vuto lili ku DNS. Lembani nslookup example.org 8.8.8.8 kuti mufunse seva ya DNS ya Google, kenako mufunsenso 1.1.1.1, ya kampani ya Cloudflare, ndipo muyerekeze mayankhowo ndi limene mumalandira mukalemba nslookup example.org popanda nambala. Akasiyana, ndiye kuti kampani imene imakupatsani intaneti ikusungabe nambala yakale mpaka nthawi yotchedwa TTL itatha, ndipo pamenepa mankhwala ake ndi kudikira. Koma pali msampha wina umene umakola ngakhale anthu odziwa ntchito. Kutumiza alendo kumene munakonza ku kampani yolembetsa domain kumagwira ntchito pokhapokha ngati domain ikugwiritsabe ntchito ma nameserver, maseva amene amayankha mafunso a DNS a domain yanu, a kampani yomweyo. Mukawasamutsira ku Cloudflare kapena ku kampani imene imasunga webusaiti, lamulo lija limaonekabe pa akaunti yanu ngati lamoyo, koma palibenso amene amalifunsa. Zikatero liikeni kumene ma nameserver ali tsopano. Ku Cloudflare zimenezi zimachitika ndi Redirect Rules, ndipo pamafunika record ya A, mzere wolozetsa dzina ku nambala ya IP, imene kamtambo kake kali kachikasu chofiirira kusonyeza kuti alendo akudutsa pa Cloudflare, ngakhale italoza ku nambala yongoimira monga 192.0.2.1. Posamutsa ma nameserver musaiwale kukopera ma record a MX, amene amaloza kumene maimelo akafikire, chifukwa mukawasiya webusaiti idzakhala bwino koma maimelo a bungwe adzasiya kufika mwakachetechete.

Tsamba limene limangozungulira

Chrome ikalemba ERR_TOO_MANY_REDIRECTS, kapena Firefox ikanena kuti "The page isn't redirecting properly", zikutanthauza kuti malamulo awiri akukankhirana mlendo. Zili ngati munthu amene wapita kukasainitsa chikalata, kalaliki wa chipinda choyamba n'kumuuza kuti apite chipinda chachiwiri, wa chipinda chachiwiri n'kumubwezanso koyamba kuja, mpaka munthuyo n'kutopa. Chrome ndi Firefox amatopa akatumizidwa maulendo 20. Ubwino wa curl ndi wakuti imasonyeza ulendo uliwonse, ndipo mukawerenga mizere ya Location motsatana mudzaona maadiresi awiri amene akubwerezedwa.

Ngati kusiyana kwa maadiresi awiriwo kuli pa www, ndiye kuti malo ena akuwonjezera www pamene ena akuichotsa. Izi zimachitika kawirikawiri pa WordPress, pamene adiresi yolembedwa pa "WordPress Address" ndi "Site Address" ikutsutsana ndi lamulo limene lili mu fayilo ya .htaccess kapena kwa osunga webusaiti. Sankhani mtundu umodzi ndipo malo onse anene chimodzimodzi. Ngati simungathenso kulowa mu WordPress chifukwa cha kuzungulirako, maadiresi amenewa akhoza kulembedwa mu fayilo ya wp-config.php pogwiritsa ntchito WP_HOME ndi WP_SITEURL.

Chodabwitsa kwambiri ndi pamene mzere wa Location ukutumiza mlendo ku adiresi yomweyo imene wafunsa, chilembo ndi chilembo. Apa pafupifupi nthawi zonse pamakhala proxy imene yaima kutsogolo kwa seva yanu, ndipo chitsanzo chodziwika ndi Cloudflare ikakhala pa "Flexible". Mlendo amalankhula ndi Cloudflare kudzera pa https, koma Cloudflare imakafunsa seva yanu kudzera pa http wamba. Seva yanu, imene munaiuza kuti aliyense wobwera pa http imutumize ku https, imachita zomwezo, osadziwa kuti mlendoyo ali kale pa https. Cloudflare imapereka yankholo kwa browser, browser imafunsanso, ndipo Cloudflare imapitanso pa http. Palibe mbali imene yalakwitsa payokha, koma pamodzi sizingafike kulikonse. Njira yoyenera ndi kuika satifiketi, chiphaso chimene chimapangitsa https kugwira ntchito, pa seva yanu n'kusintha "Flexible" kukhala "Full (strict)". Ena amathetsa vutoli pochotsa lamulo la https pa seva, ndipo tsamba limatsegukadi, koma ine sindilimbikitsa zimenezo chifukwa mbali ya ulendo yochokera ku Cloudflare kukafika ku seva imakhala yosabisika pamene mlendo akukhulupirira kuti ndi wotetezeka. Ngati proxy yake ndi yanu, monga Nginx kapena HAProxy, onetsetsani kuti ikutumiza mutu wotchedwa X-Forwarded-Proto, ndiponso kuti pulogalamu ya kumbuyo ikuuwerenga, popeza ndi umene umaiuza kuti mlendo anabwera pa https.

Kuzungulira kwina kumachokera ku ma cookie akale, timauthenga timene webusaiti imasiya mu browser, makamaka pa masamba olowera ndi pasiwedi. Chizindikiro chake n'chakuti curl ikufika bwinobwino pa 200 pamene browser ikukana, ndipo kufufuta ma cookie a webusaiti yokhayo kumakwanira.

Chenjezo la satifiketi

Browser isanamve n'komwe lamulo lakuti pitani kwina, imayamba yaona satifiketi ya domain imene yafunsa. Izi zikutanthauza kuti domain yakale, ngakhale kuti ilibenso tsamba lililonse, ikufunikabe satifiketi yakeyake. Kale vutoli silinkaoneka chifukwa munthu akalemba dzina lokha browser inkayamba ndi http, koma kuyambira pa Chrome 90, imene inatuluka mu 2021, imayamba ndi https. Si makampani onse olembetsa domain amene amaika satifiketi pa seva yawo yotumiza alendo, ndipo zotsatira zake ndi uthenga wakuti NET::ERR_CERT_COMMON_NAME_INVALID, kapena kudikira kwa nthawi yaitali. Ngati curl ikuyenda pa http koma ikulephera pa https, vuto ndi limeneli. Thetsani posamutsira ntchito yotumiza alendo ku seva imene ingathe kutenga satifiketi yaulere ya Let's Encrypt, ndipo onetsetsani kuti satifiketiyo ikutchula dzina lokhala ndi www ndi lopanda www lomwe. Kumbukiraninso kuti masatifiketi amenewa ndi a nthawi yochepa, kwa zaka zambiri akhala a masiku 90, choncho kuwakonzanso kuyenera kuchitika pakokha osadalira munthu kukumbukira.

Uthenga ukakhala wakuti NET::ERR_CERT_DATE_INVALID pa kompyuta imodzi yokha, yang'anani kaye tsiku ndi nthawi pakona ya sikirini musanaimbe mlandu seva. Kompyuta yakale imene kabatire kake kam'kati kanatha imabwerera ku chaka chakalekale magetsi akangozima, ndipo satifiketi iliyonse imaoneka yolakwika.

Tsamba loyera kapena uthenga wakuti "refused to connect" pansi pa adiresi yakale kawirikawiri umachokera ku mtundu wa kutumiza wotchedwa masking. Apa seva sipereka 301 ayi, koma imapereka katsamba kokhala ndi felemu imene webusaiti yatsopano imaonekeramo, n'cholinga choti adiresi yakale ikhalebe pamwamba. Mawebusaiti ambiri masiku ano amakana kuikidwa mu felemu ya domain ina pogwiritsa ntchito mutu wa X-Frame-Options kapena lamulo la frame-ancestors, ndipo amachita bwino kukana, chifukwa akuba amagwiritsa ntchito njira yomweyo ponyenga anthu. Musachotse chitetezo chimenechi pofuna kupulumutsa masking. Zimitsani masking n'kugwiritsa ntchito kutumiza wamba.

Pamene proxy ili kumbali ya mlendo

Tsopano tinene kuti makomo onse anayi akuyankha bwino pa curl, koma munthu wina akulepherabe. Mufunseni kuti ayese adiresi yomweyo pa foni, atazimitsa Wi-Fi n'kugwiritsa ntchito data. Ikatseguka, vuto lili pa netiweki imene anali kapena pa kompyuta yake. Kuno kwathu funso lina loyenera kufunsa msanga ndi la bando imene wagula, chifukwa munthu amene ali ndi bando ya WhatsApp kapena Facebook yokha amalandira linki bwinobwino koma sangathe kuitsegula, ndipo iye amangonena kuti webusaiti yafa.

M'maofesi, m'masukulu ndi m'mabanki intaneti imadutsa pa proxy ya bungwe, ndipo proxy imeneyi imakhala ndi mndandanda wa malo ololedwa. Domain yakale ikhoza kukhala pa mndandandawo pamene yatsopano palibe, komanso zipangizo zina zosefera zimatseka domain iliyonse imene yangolembetsedwa kumene. Mlendo amafika pa adiresi yakale, amatumizidwa, kenako amagunda khoma. Mauthenga ake amathandiza kuzindikira: 407 ikutanthauza kuti proxy ikufuna dzina ndi pasiwedi, ERR_TUNNEL_CONNECTION_FAILED ikutanthauza kuti proxy yakana kapena yalephera kutsegula njira ya https yopita ku domain imeneyo, pamene ERR_PROXY_CONNECTION_FAILED ikutanthauza kuti browser sikuipeza n'komwe proxy imene inauzidwa kugwiritsa ntchito. Uthenga womalizawu umapezeka kwambiri pa laputopu ya kuntchito imene mwapita nayo kunyumba, kapena imene munachotsamo VPN yaulere imene inasiya makonzedwe ake. Mu Windows pitani ku Settings, kenako Network & Internet, kenako Proxy, ndipo muone ngati "Use a proxy server" yayatsidwa ndi nambala monga 127.0.0.1 kapena poti monga 8080 kapena 3128. Chrome ndi Edge amatsatira makonzedwe amenewa, koma Firefox ili ndi ake pansi pa Network Settings, n'chifukwa chake tsamba likhoza kutseguka mu browser imodzi n'kukana mu inayo pa kompyuta yomweyo. Dziwaninso kuti curl siwerenga makonzedwe a proxy a Windows, choncho kuti muone zimene browser ikukumana nazo muyenera kuitchula proxy poyera ndi -x pamodzi ndi adiresi ndi poti yake. Ngati proxy ndi ya bungwe, musaizembe, koma pemphani oyang'anira makompyuta kuti awonjezere domain yatsopano pa mndandanda. Pa foni ya Android proxy imabisala malo awiri, pa makonzedwe a Wi-Fi imene mwalumikiza ndi pa APN ya simu khadi.

Mawebusaiti amene amadzitcha web proxy, omwe munthu amalemba adiresi m'kabokosi n'kuona tsamba kudzera mwa iwo, ali ndi vuto lawolawo. Kuti mlendo asatuluke m'manja mwawo amayenera kulembanso linki iliyonse ya m'tsamba kuti idutse pa iwo. Yankho la 301 kapena 302 amatha kuligwira mosavuta popeza lili m'mitu, koma kutumiza kumene kwalembedwa mu JavaScript kapena mu meta refresh kumawapulumuka kawirikawiri, ndipo browser imadumphira ku adiresi yeniyeni kapena imangoima pa tsamba loyera. Ma cookie nawonso amasokonezeka, chifukwa browser imaona domain ya proxy osati ya webusaiti. Opera Mini, imene anthu ambiri amaikonda chifukwa chosunga data, nayonso imadutsitsa masamba pa maseva a Opera, ndipo ikakhala pa mlingo wosunga data kwambiri JavaScript imagwira ntchito mochepa. Mwini webusaiti achitepo kanthu potumiza alendo ndi yankho la seva, osati ndi JavaScript. Web proxy ndi yothandiza poona ngati webusaiti ikuoneka kuchokera kunja kwa netiweki yanu, koma musalembemo pasiwedi ya banki, ya imelo kapena ya webusaiti yanu, chifukwa mwini proxy akhoza kuwerenga zonse zimene mwalemba ngakhale kaloko kosonyeza chitetezo kakuoneka pamwamba, popeza kalokoko ndi ka iye, osati ka malo amene mukupita.

Zimene browser yasunga

Ngati seva ikuyankha bwino ndipo proxy palibe, chatsala ndi kukumbukira kwa browser. Yankho la 301 limasungidwa, ndipo ngati seva sinatchule nthawi, browser ikhoza kulisunga kwa nthawi yaitali kwambiri osafunsanso. Munthu amene analakwitsa chilembo chimodzi mu adiresi yatsopano, n'kukonza patapita mphindi zochepa, adzapitirizabe kufikitsidwa ku adiresi yolakwika pa kompyuta yake, n'kumaganiza kuti kukonzako sikunagwire. Tsegulani windo lachinsinsi ndi Ctrl+Shift+N mu Chrome kapena Ctrl+Shift+P mu Firefox, ndipo ngati tsamba latseguka fufutani cache, nkhokwe ya zimene browser yasunga. Njira yoona zambiri ndi kudina F12, kupita pa Network, kuchonga "Preserve log" ndi "Disable cache", kenako kulembanso adiresiyo, ndipo mudzaona sitepe iliyonse pamodzi ndi mawu osonyeza ngati yankho lachokera mu cache.

Mukaona "307 Internal Redirect" mu Chrome, dziwani kuti si seva imene yayankha koma browser yokha, chifukwa cha lamulo la HSTS limene domain inapereka kale lakuti izifunsidwa pa https pokha. Kufufuta lamuloli pa kompyuta yanu kumatheka pa chrome://net-internals/#hsts, koma simungapite pa kompyuta ya mlendo aliyense, ndipo ma domain othera ndi .dev ndi .app ali pa mndandanda wa HSTS umene umabwera kale m'kati mwa browser, moti sangatseguke pa http ngakhale pang'ono. Yankho lokhalitsa likadali satifiketi yabwino pa domain yakale. Za DNS zimene kompyuta yasunga zimachoka ndi ipconfig /flushdns, ndipo Chrome ili ndi nkhokwe yakeyake pa chrome://net-internals/#dns.

Chifukwa cha zonsezi, pokonza lamulo latsopano yambani ndi 302, imene browser siisunga pokhapokha itauzidwa kutero, ndipo muisinthe kukhala 301 mutatsimikiza kuti makomo onse anayi ndi masamba am'kati akufika pamalo oyenera. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, n'kuyesanso ndi curl musanakhudze china. Domain yakale muzilipirabe chaka ndi chaka malinga ngati adiresi yake ili pa zikwangwani, pa makhadi ndi m'makalata a boma, chifukwa ikangotha nthawi kutumizako kumaima, ndipo dzinalo likhoza kugulidwa ndi munthu wina amene adzayamba kulandira alendo anu komanso maimelo opita ku maadiresi akale.